Azakhali Sayamba Moni

Azakhali anga sayamba kupereka moni. Mukakumana nawo pamsewu amakuyang'anani ngati akuyang'ana mtengo wa magetsi, n'kudutsa. Mukayamba inuyo, eee, amayankha bwinobwino, mpaka kufunsa za ana ndi za bondo lanu lija. Koma zoti ayambe iwo, iwalani. Mumsewu mwathu ana amawatcha Mayi Duu, ndipo akuluakulu amene amaletsa anawo ndi omwe anapeka dzinalo.

Ine ndinabwerako kunja chaka chatha nditanyamula digiri ya ziwerengero, majekete awiri amene kuno alibe ntchito, ndi chizolowezi choyenda mothamanga ngati pali kumene akundidikira. Kumene ndinaliko munthu umatha zaka zinayi osamvako mawu a neba wako, ndiye khalidwe la Azakhali linandisangalatsa. Ndinati mumtima, pabanja pathu pano alipo mmodzi wotsogola.

"Si kutsogola," anatero nditawauza. "Ndi ntchito. Vala nsapato ukaone, m'malo mongozungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna poikira."

Ntchito yawo ili kuseri kwa chipatala, kupitirira kochapira nsalu, m'kanyumba ka zipinda zitatu. Pachitseko panangolembedwa kuti Chipinda 9, ndipo Azakhali anakana kuti awonjezerepo liwu lina lililonse. M'chipinda choyamba muli benchi ndi wailesi imene amaikweza dala kuti odikira asamvane. Chachiwiri ndi labu: filiji, makina oonera tizilombo, ndi kabati yofunda momwe amasungamo timbale tathyathyathya tokhala ndi phala lofiirira lomerapo tizilombo. Chachitatu n'cholankhuliramo, ndipo chitseko chake n'chokhuthala kuposa zitseko zonse za pachipatalapo.

Azakhali amafufuza matenda opatsirana, makamaka opatsirana pogonana, ndipo zaka zisanu zapitazi akhala akulimbana ndi chinzonono chosamva mankhwala. Analowa mu labu ali mtsikana, ntchito yawo ili yotsuka mabotolo. Tsiku lina nthawi ya nkhomaliro dokotala wina wolusa anawapezerera akusuzumira m'makina muja. M'malo mowathamangitsa anawafunsa chimene akuona.

"Nyemba ziwiriziwiri zoyang'anana, bwana."

"Ndiye chinzonono chimenecho. Mawa usatsuke mabotolo, udzakhale pampando umenewu."

Kuchoka apo anakaphunzira unesi, kenako maphunziro ena a pakalata, msuweni wanga ali kumsana. Pa zolemba za kafukufuku dzina lawo linkayamba kukhala lomaliza, kenako lachitatu. Masiku ano ndi loyamba, ndipo adokotala achinyamata amagogoda asanalowe.

Za moni zija zinayamba chaka chawo choyamba mu Chipinda 9. Anakumana pamsika ndi bambo wina amene anamuthandiza sabata yomweyo, n'kumupatsa moni monga anaphunzitsidwira kwawo. Bamboyo anali ndi mkazi wake. Mkaziyo anangofunsa funso limodzi: mukudziwana kuti ndi mayi wa ku 9? Lolemba bamboyo anabwera khutu lili lotupa, kudzangowauza kuti sadzabweranso. Ndipo sanabwerenso, mankhwala asanamalize.

"Nanga osangosiya kupereka moni kwa odwala anu okha bwanji?" ndinafunsa.

"Iwe, digiri ija anakupatsa kapena unatola? Ndikamapatsa moni osadwala okha, ndiye kuti aliyense amene ndamudutsa ndamulengeza. Duu wangayu akuyenera kugwera onse mofanana, ngati mvula."

Amene amalipirira zonsezi ndi amuna awo, amene ine ndimawatcha Ankolo. Ankolo amakonza mawotchi pakhonde la sitolo ya nsalu, ndipo amapereka moni wa anthu awiri. Akamayenda limodzi, Azakhali amakhala kutsogolo nkhope ili gwa, Ankolo pambuyo akuvula chipewa uku ndi uku ngati akupepesa galimoto itawaza anthu matope.

Anandilemba ntchito yosamala ziwerengero zawo. Ndinasaina pepala lolumbira kusunga chinsinsi, ndipo Azakhali anandiwerengera mokweza kawiri, poti akuti ophunzira kunja timasaina tisanawerenge. Pakompyuta yanga munthu alibe dzina, ali ndi nambala. Aliyense wovomera kulowa mu kafukufuku amapereka zoyeza, tizilombo take timabzalidwa m'kambale kaja, tikamera timathiridwa mankhwala osiyanasiyana kuti tione amene akutipha. Munthuyo amabayidwa jakisoni tsiku lomwelo, amapatsidwa kakalata kokapatsa mnzake wogona naye, ndipo amauzidwa kuti abwerenso pakatha masabata awiri.

Mizere yambiri pakompyuta yanga inali yodzaza. Umodzi wokha ndi umene unkandiyang'ana ndi diso lofiira: 214.

Ameneyu anali bambo wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu. Ntchito analemba kuti wamalonda. Ali pabanja? Inde. Tizilombo take titathiridwa mankhwala a jakisoni uja, tinangodzinyung'unya n'kupitiriza kumera. Mankhwala ena amene akanatipha analipo, ali mu filiji, koma mwiniwake sanabwerenso. Mwina kuwawa kunachepa, iye n'kuyesa wachira.

"Pamzerewu pali anthu awiri," Azakhali ankatero akugogoda galasi la kompyuta ndi cholembera. "Iyeyu akudziwa chimene anachita. Amene akundisowetsa mtendere ndi mayi wa kunyumba. Mwa akazi matendawa amalowa mwakachetechete, akamadzamveka amakhala atakwera kale m'mimba."

Poti antchito ndi ochepa, ntchito yoimbira foni odwala othawa inagweranso ine. Nambala ya foni ya 214 inkathera ndi 38. Lamulo lake n'lakuti sutchula kumene ukuimbira.

"Halo, ndikufuna bambo amene anasiya nambala iyi pa ofesi yathu."

"Ofesi? Chemwali, ine ndimagulitsa nyama."

Ndinayesa kuti mwina ndi mbale wake akumubisa, choncho ndinkaimba masiku osiyanasiyana, nthawi zosiyanasiyana. Pofika ulendo wachisanu wanyamayo anali atandizolowera.

"Ndi inu a ofesi? Bambo wanu uja sanapezekebe? Musiyeni ameneyo, sakukuyenerani. Lero ndili ndi chiwindi chabwino, ndikusungireni?"

Ndinaimba maulendo khumi ndi asanu ndi anayi. Nambalayo ndinailoweza kuposa yanga yomwe. Tinatsatanso mapu amene 214 anajambula kuseri kwa fomu yake, mapu aukhondo, okhala ndi mivi ndi zikwangwani za pamsewu zojambulidwa mwaluso. Anatifikitsa ndendende pakhomo la chimbudzi cha pasiteji ya mabasi. Ine ndinapsa mtima. Azakhali anaima n'kumagwedeza mutu ngati akusirira.

"Munthu ameneyu misewu amaidziwa," anatero. "Mapu ake ndi olondola, kungoti si a kwawo."

Masabata asanu anatha.

Lachinayi lina tikuweruka tinapeza msuweni wanga atakhala pasitepe, maso ali psuu. Msuweni wangayu ndi mwana yekhayo wa Azakhali, ndipo anali pa chibwenzi ndi mnyamata wokonza magetsi, wofatsa ngati mkate. Makolo a mnyamatayo ankayembekezeka kudzacheza Loweruka masana, ulendo wawo woyamba kufika pakhomopo.

"Amayi, mwandiphera banja."

"Ndakuphera bwanji ndili kuntchito?"

"Munawadutsa apongozi anga pamsewu! Pafupi ndi sitolo ya mapaipi, sabata yatha. Munawayang'ana m'maso n'kudutsa!"

Mayi a mnyamatayo anali atakumanapo ndi Azakhali kamodzi, tsiku limene msuweni wanga ankalandira satifiketi yake. Bambo a mnyamatayo sanabwere tsiku limenelo. Mayiwo anapuma pa uphunzitsi atakhala mkulu wa sukulu zaka zambiri, moti mpaka lero aliyense amangowatcha Ahedi. Moyo wawo wonse akhala akuimitsa ana padzuwa chifukwa chosapereka moni.

"Akuti akubwera kudzaona ngati mwana anatengera mayi ake," msuweni wanga anatero akufwenthera. "Akuti akapeza kuti ndi choncho, mwana wawo sangalowe m'banja lopanda mwambo. Amayi, simukanangoti moni kamodzi kokha? Kamodzi?"

"Pita ukatsuke makapu a alendo aja," anatero Azakhali.

Loweruka linafika. Ankolo anapukuta mawotchi onse asanu ndi awiri a pabalaza n'kuwatchera kuti alire limodzi. M'nyumba mwawo Azakhali moni amapereka, poti mlendo akalowa pakhomo pako palibe amene angafunse kuti mukudziwana kuti. Anagwira dzanja la Ahedi ndi manja awiri. Atafika pa bambowo sindinaone chachilendo chilichonse, kupatula kuti bambowo anapereka dzanja akuyang'ana wotchi ya pakhoma.

Anali bambo wamtali, wa tayi yamizeremizere, mwini sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto. Anakhala kumapeto kwenikweni kwa sofa, mawondo ali pamodzi, ngati wophunzira wake tsiku la mayeso. Kunja sikunkatentha koma iwo thukuta linali kamukamu.

Ahedi sanadikire kuti tiyi azizire.

"Mayi, ine sindidziwa kuzungulira. Tsiku lija munandiona?"

"Ndinakuonani, amayi."

"Munandizindikira?"

"Ndinakuzindikirani."

"Ndiye munadutsa."

"Ndinadutsa."

Ahedi anaika kapu pansi pang'onopang'ono. Zikuoneka kuti anakonzekera kumva za maso osaona bwino kapena za maganizo ochuluka, ndipo mayankho a zimenezo anali nawo m'chikwama.

"Ine ndine wamkulu kwa inu. Ndaphunzitsa ana zikwi, ena lero ndi mabwana, koma akandiona amatsika pagalimoto. Inu ndi sukulu yanuyo mwaona kuti moni ndi wa anthu wamba? Mukudziwa kuti bambo awa anachita manyazi m'malo mwanu? Atangokuonani mukubwera chonchi, anandigwira pamkono n'kubwerera chambuyo mpaka kulowa m'sitolo ya mapaipi. Chambuyo, osatembenuka! Tinatulukamo titagula mpopi umene sitinkaufuna."

"Luso la ntchito limenelo," anatero Ankolo mwaulemu. "Ife kubwerera chambuyo timagunda."

Palibe anaseka.

Ndinayang'ana Azakhali. Mayi amene adokotala amagogoda asanalowe mu ofesi yawo anatsetsereka pampando, n'kugwada pa kapeti, manja ali pamodzi.

"Ndalakwa, amayi. Ndi khalidwe langa loipa, ndakalamba nalo. Mwanayu sanatengere ine, anatengera bambo akewa. Mufunse msewu wonse uno."

Ahedi anawadzudzulabe kwa mphindi zingapo, chifukwa mphunzitsi akakonzekera phunziro salitaya. Azakhali ankangoti inde amayi, zoona amayi. Bambo a tayi ankayang'ana mutu wa Azakhali uli chowerama, kenako n'kuyang'ana nsapato zawo.

Pofuna kupeputsa zinthu, Ankolo anatulutsa foni.

"Akulu, tisiye za amayiwa. Ndipatseni nambala yanu tizichezako ife amuna."

Ine ndinali pakhomo la kukhitchini nditanyamula mbale ya mabisiketi. Bambowo anayamba kutchula manambala, ndipo ndinadabwa kuona kuti milomo yanga ikuwatsogolera. Asanatchule, ine ndatchula kale chamumtima. Yachitatu, yachinayi, yachisanu, zonse zikugwirizana. Ndinadikira 38.

"Eyiti, firii," anamaliza.

Munthu wojambula mapu okongola chonchija, pa bodza la nambala anachita ulesi. Anangotembenuza ziwiri zomalizira. Mabisiketi atatu anagwa pansi.

"Tabwera undithandize kuno," anatero Azakhali akudzuka, n'kundikankhira kukhitchini. Anatsegula mpopi wa madzi kuti uzisokosa.

"Azakhali! Ndi 214!"

"Tsitsa mawu. M'nyumba muno mulibe manambala, muli alendo."

"Ndiye munadziwa kuyambira tsiku la mapaipi lija! Osandiuza ine ndikuvutika ndi wanyama?"

"Ndinkadikira Loweruka. Nsomba yobwera yokha suithamangira ndi ukonde."

"Muitaneni panja mumuuze mosabisa. Kumene ndinali ine akanamukhazika pansi pomwepo. Mayi aja ali ndi ufulu wodziwa!"

"Ali nawo, ndipo adziwa. Koma akamva kwa ine, mawa ku 9 kudzakhala benchi yokha. Ndipo ndikangomuitanira pambali bamboyo, mayi aja awerenga zonse. Munthu wagwira ana opatsirana timakalata zaka makumi atatu, ungamubisire diso?" Anatsuka supuni imene inali yotsuka kale. "Unaona mmene anakhalira pansi?"

"Ndani?"

"Ahedi. Dzanja linayamba lagwira pansi pa mchombo, kenako n'kukhala. Kawiri konse. Iwe umangoona manambala." Anatseka mpopi. "Tenga mabisiketi ena. Ndipo ukonze nkhope yakoyo, ikuoneka ngati chikwangwani."

Titabwerera pabalaza nkhani inali itafika pa ukwati. Azakhali anathirira Ahedi tiyi wina, n'kuyankhula ngati akungokumbukira.

"Pali kanthu kamodzi, poti ine ntchito yanga mukuidziwa. Anawa anagwirizana kale zoti akayezetse asanalowe m'banja. Koma ndamva kuti mkamwini wangayu amaopa singano."

Mnyamata wa magetsi anatsegula pakamwa kuti akane, msuweni wanga n'kumuponda phazi. Sankadziwa kumene mayi ake akulowera, koma anakulira m'nyumba imeneyi.

"Ndiye ine ndi bambo a m'nyumba muno tagwirizana kuti Lolemba tiwaperekeze, nafenso tikayezetse zonse. Sindingatume mwana kumene ine sindinapondeko."

"Tagwirizana?" anatero Ankolo. Kenako anayang'ana akazi awo. "Eya, tagwirizana. Kalekale."

"Inu musavutike nazo, amayi," Azakhali anapitiriza mofatsa, akusuntha shuga kuti afike pafupi ndi Ahedi. "Anthu a msinkhu wathu ambiri amaopa zimenezi, ndipo n'zomveka. Ife tikaimira mbali zonse ziwiri."

Mawotchi asanu ndi awiri ankamveka onse.

"Kuopa?" anatero Ahedi. "Ine?"

"Sindinatero, amayi."

"Ine amene ndinkaima kutsogolo kwa mzere tsiku la katemera, n'kupinda dzanja la bulauzi ana onse akuona? Mwana wanga aperekezedwe ndi eni mkazi okha ngati wamasiye? Tilibe chobisa ife. Bambo, Lolemba m'mawa mulibe ophunzira."

"Ndili nawo atatu," anatero bambowo ndi mawu ang'onoang'ono.

"Muwaimbire."

Tiyi anawalowa kolakwika. Anatsokomola mpaka Ankolo anadzuka kukawamenya pamsana, uku akuwalimbikitsa kuti singano za masiku ano n'zazing'ono.

Alendo akutuluka, Ahedi anaiwala ambulera, ndipo ine ndinathamanga nayo. Ndinapeza bambowo atatsalira pageti ngati akumanga chingwe cha nsapato, Azakhali ataima pambali pawo. Nsapato zawo zinali zopanda zingwe.

"Mayi," ankanena chapansipansi, "munali ndi mpata wondinena. M'malo mwake mwagwada."

"Kukunenani chiyani, asewere? Ife takumana lero."

Bambowo anaweramiranso nsapato zija.

"Lolemba aliyense adzalowa yekha, ndipo zake zidzakhala zake," anatero Azakhali akuyang'ana kumsewu. "Koma munthu akafuna kulowa ndi mnzake kuti amuuze kanthu ndi pakamwa pake, chipinda chachitatu chili ndi chitseko chokhuthala. Ndinachisankha ndekha."

Lolemba pa benchi ya Chipinda 9 panakhala anthu asanu ndi mmodzi, atavala ngati akupita kokajambulitsa. Azakhali anavula gauni yawo yoyera n'kuipachika, nakhala pamzere ngati wina aliyense. Achibale sawagwira okha, choncho onse anawapereka kwa nesi mnzawo, mayi wamfupi amene wagwira nawo ntchito zaka khumi ndi ziwiri ndipo sadabwa ndi kanthu. Nesiyo anafotokozera aliyense payekha kuti kuyezetsa n'kosakakamiza. Ahedi anamuyankha kuti iwo sanakakamizidwepo chiyambire.

Ana analowa n'kutuluka. Mkamwini, amene anamunamizira mantha, anafunsa ngati angaone nawo m'makina. Ankolo analowa akupereka moni kwa filiji yomwe. Itakwana nthawi ya bambo a tayi, anaimirira, nayenda masitepe awiri, n'kuima. Ndinaona chidendene chawo chikufunafuna giya ya chambuyo. Kenako anatembenukira akazi awo.

"Amayi, tiyeni tilowe limodzi."

"Mukuopa singano nanunso?"

"Tiyeni chabe."

Chitseko chija n'chokhuthaladi. Azakhali anakwezanso wailesi. Komabe patapita mphindi zisanu liwu limodzi linadutsa thabwa lonselo, liwu loti likagwa pabwalo la sukulu ana mazana asanu amaima chilili.

"Mpopi uja!"

Kenako duu.

"Akukamba za mapaipi," Ankolo anauza ana. "Nyumba zakale zimavuta."

Anakhalamo pafupifupi ola lathunthu. Potuluka Ahedi anali kutsogolo, chikwama atachikumbatira pamimba, nkhope yosawerengeka. Bambowo anali pambuyo, tayi ili m'thumba. Onse awiri anali atalandira mankhwala aja amene anadikira mu filiji masabata asanu, ndipo nesi uja anawatumizanso Ahedi kwa dokotala wa amayi tsiku lomwelo. Kupweteka kwa m'mimba kumene ankakuthowa ndi botolo la madzi otentha, akuyesa ukalamba, kunali kwa matenda omwewo. Dokotala anati bwenzi zitavuta akanachedwa mwezi wina.

Ahedi anaima patsogolo pa Azakhali. Ndinaganiza kuti phunziro lachiwiri layamba.

"Munagwada," anatero.

"Kapeti ndi wofewa, amayi."

Ahedi sanaseke. Anatuluka.

Zotsatira za ena onse sindinganene, kupatula za Ankolo, poti anazilengeza okha msewu wonse: anawapeza ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo mpaka lero amati anapita ku 9 ali bwinobwino n'kubwerako ndi matenda.

Sindinama kuti zonse zinatha mokoma. Ahedi anakakhala kwa mng'ono wawo masabata atatu. Ukwati wa ana unasunthidwa mwezi wathunthu, ndipo msuweni wanga, amene sankadziwa chifukwa chake, sanalankhule ndi mayi ake masiku asanu. Kunalinso kakalata kena kamene bambo aja anayenera kukapereka kwa munthu wina, kumene matendawo anawatenga. Ahedi anawaperekeza mpaka pakona, n'kudikira atapinda manja. Koma tsiku la khumi ndi chinayi onse awiri anafika pa benchi isanakwane eyiti koloko, wina kumapeto uku, wina kumapeto uko. Timbale tawo tinakhala m'kabati yofunda masiku awiri. Azakhali anatitulutsa okha, natiyang'ana pawindo, natitembenuza. Munalibe chomera.

"Dzaza mzere wako uja," anandiuza.

Ndinadzaza. Kenako ndinaimbira wanyama kuti ndipepese. Anati wakhumudwa kumva kuti bambo uja wapezeka, koma chiwindi chilipobe.

Mwina mukufunsa kuti nanga lumbiro langa lija lili kuti, poti nkhaniyi ndaiulula. Chilolezo ndinapempha kwa eni ake onse awiri, ukwati utadutsa. Bambowo anati ndilembe, mwina wina angaphunzirepo, koma ndisatchule dzina la sukulu yawo ya galimoto. Ahedi anati ndilembe, ndisatchule dzina la munthu aliyense, koma za chambuyo zija ndisasiye ngakhale liwu limodzi. Anawerenga zimene ndinalemba ali ndi cholembera chofiira m'manja.

Mwezi watha ndinkayenda ndi Azakhali masana, ndipo pafupi ndi sitolo ya mapaipi yomwe ija tinaona Ahedi akubwera, amuna awo ali pambuyo atanyamula zikwama ziwiri. Azakhali anaumitsa nkhope monga mwa masiku onse. Ndinadabwa kuona Ahedi nawonso aumitsa yawo, chibwano m'mwamba, maso kutsogolo. Anadutsana mapewa atatsala pang'ono kukhudzana, azimayi awiri oti ana awo ali m'nyumba imodzi, ngati sanaonanepo.

Ndinawerenga masitepe. Pa lachisanu ndi chiwiri Ahedi anaima.

"Aaa, ayi! Ine zimenezi sindingazithe, zikundiwawa pakhosi. Asewere! Mwaswera bwanji?"

Azakhali anatembenuka nkhope yonse ili mwee.

"Ndaswera bwino, asewere, kaya inu? Nanga m'mimba muja?"

"M'mimba mwangoti zii. Bambo, mwaima ngati mtengo bwanji? Simukuwaona asewere anu?"

Bambo a tayi anayang'ana khomo la sitolo ya mapaipi, limene linali lotsegula, pafupi kwambiri. Anaika zikwama pansi, nayenda chakutsogolo, natambasula dzanja.